Mafuwa atatu a pa Mlangeni

Aliyense amene adakwerapo basi ya usiku yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe mwezi wa Juni amapadziwa pa Mlangeni, ngakhale sadatsikepo. Mukangopitirira pa boma la Ntcheu n'kuyamba kukwera zitunda za ku Biriwiri, macheza m'basi amayamba kuzilala, mazenera amatsekedwa limodzilimodzi, amayi n'kumasula zitenje kufunditsa ana. Kumanja kwa msewu ndi Malawi, kumanzere ndi Mozambique, koma chisanu chake n'chimodzi. Kumeneko ndiye kwathu. Ndidabadwirako mu 1989, ndipo ngakhale lero ndimakhala m'tauni n'kumadyera cholembera, pabondo langa lamanzere padakali chipsera cha khala limene ndidagwadira ndili wokwawa, amayi atangotuluka pang'ono m'khitchini.

Chaka chatha, chisanu chitafika pachimake, ndidapita kukaona agogo anga aakazi, amene zaka zawo zapitirira 80. Ndidawatengera mphatso imene ndinkaiyesa yanzeru: chitetezo mbaula, mbaula yadothi ija yokhala ndi khomo limodzi lolowetsera nkhuni. Ndidaitula pakhonde monyadira ngati mlenje wobwera ndi gwape. Agogo adaizungulira, kuigogoda ndi chala monga amachitira pogula mphika, kenaka n'kuseka.

"Amuna anga," adatero, poti kwathu mdzukulu wamwamuna ndi mwamuna wa agogo ake, "ulendo wonsewu mwandisenzera mphika wobooka?"

Komabe adaiyesa. Nsima ya masana idapsa ndi tinkhuni tinayi tokha, utsi udali wochepa, ndipo iwo eni adavomera kuti chinthucho chili ndi nzeru. Ine mtima udakhala m'malo. Koma dzuwa litalowa, mphepo itayamba kulowera m'ming'alu ya chitseko, ndidangoona akukankhira mbaula ija pakona n'kubwezera mafuwa awo atatu pakati pa khitchini.

"Nanga bwanji, agogo?"

"Mbaula yanuyi ndi yaumbombo. Moto wonse imapatsa mphika. Ine ndiwothe chiyani? Nanga anawa akhala mozungulira chiyani?"

Ndidasowa choyankha. Usiku umenewo ndi mausiku awiri otsatira ndidakhala pamafuwapo kumvetsera, ndipo zimene ndikulemba pano ndi zimene ndidamva, kuphatikiza ndi zimene ndakhala ndikuwerenga za mbiri ya dera lathu. Ndidatolapo chinthu chimodzi: kuti mudziwe mmene anthu a pa Mlangeni akhalira zaka zana zapitazi, funsani chimene chinkayaka pamafuwa awo.

Makolo athu moto sadauyese chinthu wamba. Nthano ya Achewa ya ku Kaphirintiwa imati mtendere wa pachiyambi pakati pa Chauta, anthu ndi nyama udatha tsiku limene munthu adapeka moto ndi timitengo tiwiri n'kutentha tchire. Nyama zidathawa, Chauta n'kukwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Wosimba nthanoyi ankafuna ana adziwe kuti moto ndi wabwino pokhapokha ukakhala ndi mwini wouyang'anira.

Angoni a kwa Maseko atakhazikika kufupi ndi phiri la Domwe cha m'ma 1870, dera lonseli, kuyambira ku Angonia mpaka kuno ku Ntcheu, lidali dziko limodzi. Malire adabwera ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891, ndipo adadula pakati pa mabanja, minda ndi nkhalango. Nkhalangozo zidali za mitengo yachilengedwe: tsamba, mombo, mtondo, msuku, muwanga. Agogo akuti amayi awo sankadziwa kugwetsa mtengo wauwisi chifukwa cha nkhuni. Ankangotola nthambi zouma zogwa zokha, ndipo munthu ankatha kusiya mphika wa nyemba pamoto, kukamanga mtolo, n'kubwera madzi asanaphwe.

Nyumba za nthawi imeneyo zidali zozungulira, moto pakati. Moto umodziwo unkaphika, kufunditsa ogona, kuunikira m'nyumba, ndiponso kusunga mbewu, pakuti pamwamba pake pankakhala nsanja ya chimanga ndi mawere a mbewu, ndipo utsi unkapirikitsa anankafumbwe. Machesi adali osowa. Choncho madzulo ankasonkhapo chikuni chachikulu cha mtengo wolimba, monga muwanga, chimene chinkanyeka pang'onopang'ono mpaka mbandakucha. Amene moto wamuzimira ankatuma mwana ndi phale kukapala moto kwa mnansi. Mpaka lero mlendo akafika n'kufuna kubwerera asanakhale pansi timamufunsa kuti, "Kodi mwadzapala moto?" Ana athu a m'tauni amawamva mawuwa, koma phale lake sadalionepo.

Luso losamala moto lidali la amayi, ndipo mtsikana ankaliphunzira monga ankaphunzirira kusinja ndi kupeta. Agogo adandionetsa zonse ngati akulangiza namwali. Choyamba ndi nkhuni zouma. Mayi wochenjera ankatola nkhuni m'chilimwe, kuziwaza, n'kuziunjika pansi pa nkhokwe kapena pakhonde mvula isanayambe. Akatswiri a za nkhuni amanena zomwezo m'chinenero chawo: mtengo wongodulidwa kumene pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi, ndipo moto umayamba waumitsa madziwo usanatenthe mphika. Utsi umene umatiliza misozi ndi nkhuni imene yathawa isanapse. N'chifukwa chake akuluakulu adati chikuni cha utsi koma kufumula.

Chachiwiri ndi kasonkhedwe. Agogo saunjika nkhuni ngati akuotcha njerwa. Amalowetsa zitatu zokha, imodzi pampata uliwonse wa mafuwa, nsonga zake n'kukumana pakati, pansi pake n'kusiya kampata kolowera mpweya. Nsongazo zikanyeka amasonkhezera pang'ono. Mphika ukawira amafumulako imodzi n'kuizimitsa m'phulusa, poti madzi owira kale safuna moto waukali, amangofuna wowasunga. Mphika sukhala patali ndi malawi, sukhalanso wosavundikira. Kumene kukuchokera mphepo amatchingako ndi phale kapena chidutswa cha lata. Mafuwa osonkhedwa mosasamala amataya kutentha kwambiri, kofika mumphika kungokhala gawo limodzi mwa magawo khumi kapena kuposa pang'ono. Koma m'manja mwa mayi wodziwa, mafuwa omwewo amasunga nkhuni modabwitsa.

Atsamunda adabwera ndi moto wawo. M'nyumba za maboma ndi za mamishoni a kumapiri, monga ku Dedza ndi ku Zomba, adamanga malo owothera moto m'khoma la pabalaza, utsi n'kumatulukira pachumuni. N'zokongola ndithu, ndipo zina mwa nyumbazi zikadalipo. Koma moto wa pachumuni ndi chilombo pa nkhuni, chifukwa kutentha kochuluka kumakwera ndi utsi kupita kunja. Vutoli kwawo komweko adalimbana nalo. Mu 1796 Benjamin Thompson, wodziwika kuti Count Rumford, adakonzanso malo owothera moto m'nyumba za ku London: adachepetsa kuya kwake, makoma a m'mbali n'kuwapendeketsa, khosi la chumuni n'kulipanikiza, cholinga kutentha kubwerere kwa anthu okhala m'chipinda. Nditawasimbira agogo za mzungu ameneyu adangoti, "Ameneyo ndiye ankadziwa chisanu."

Boma lomwelo la atsamunda ndi limene lidayamba kutchinga nkhalango. M'zaka za m'ma 1920 mapiri a Dzonzi ndi Mvai kuno ku Ntcheu adasanduka nkhalango zotetezedwa, ndipo mu 1926 kudayambika ndondomeko ya nkhalango za m'midzi zoyang'aniridwa ndi mafumu. Maganizo ake sadali oipa, poti mitsinje yathu imachokera m'mapiri amenewa. Choipa chidali kabweredwe kake. Malamulo a nkhalango ndi a malimidwe ankafika ndi amesenjala, chindapusa ndi ndende, pamene mitengo yambirimbiri inkathera m'zigafa za fodya popanda wodandaula. Mu 1953 Inkosi Gomani II, potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, adauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma lidawachotsa pampando, ndipo adamwalira mu 1954. Kuyambira masiku amenewo m'mitima ya anthu mudakhazikika maganizo akuti nkhalango ndi ya boma, ndipo chinthu cha boma chilibe mwini wochilirira.

Ufulu utabwera, boma la Dr. Kamuzu Banda lidakhazikitsa tsiku lodzala mitengo mu 1976, ndipo ana a sukulu ankapita m'mizere ndi mbande za bulugamu, malaina ndi paini. Mitengo yobwerayi imakula msanga, ndipo idathandiza pa milimo ndi mapaso. Koma agogo ali nayo mlandu. Akuti paini amayaka ngati pepala, khala lake silifika ngakhale pakati pa usiku. Bulugamu wouma bwino amamulekerera, koma sangafanane ndi tsamba kapena muwanga. Ichi chidali chizindikiro choyamba chakuti chikuni chogona chikupita.

Kenaka kudadza nkhondo. Frelimo ndi Renamo adayamba kumenyana mu 1977, koma kuno moto wake udafika mwamphamvu mu 1986, pamene anthu a ku Angonia ndi madera ena a ku Tete adayamba kuwoloka msewu ali ndi ana kumsana ndi mitolo pamutu. Pofika mu 1992 m'dziko muno mudali othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, pamene kalembera wa mu 1987 adapeza kuti tonse tidalipo pafupifupi 8 miliyoni. Ntcheu ndi Dedza adali mwa maboma amene adalandira ambiri. Kuno ochuluka sadali alendo enieni. Adali abale, olankhula chinenero chathu, a mfunda umodzi ndi ife, ndipo ambiri adamanga tinyumba tawo m'midzi mwathu momwemu. Agogo adalandira msuweni wawo ndi banja lake la anthu asanu ndi anayi. Akuti kumene kudali thengo lodyetsera mbuzi kudadzaza madenga a udzu mpaka kumtsinje.

Nyumba iliyonse yatsopano idafuna mitengo yomangira, ndipo khomo lililonse lidafuna mafuwa atatu. Bungwe la UNHCR ndi anzake ankagawa ufa, mafuta, mchere, nyemba ndi nandolo. Chakudya chidapulumutsa miyoyo, koma nandolo wouma sapsa ndi tinkhuni tiwiri. Amayi anga amakumbukira mmene nkhalango inkathawira. Chaka chimene adakwatiwa, nkhuni ankatola kuseri kwa mudzi. Chaka chimene ndidabadwa, ankanyamuka tambala woyamba n'kubwera dzuwa lili paliwombo, ine ndili kumsana, mtolo uli pankhata. Mitengo idalipo yambiri tsidya la msewu, m'minda yosiyidwa ya ku Mozambique, koma kumeneko kudali mfuti ndi mabomba okwirira. Ena ankapitabe. Njala ya nkhuni ndi njala ndithu, poti ufa wosaphika sudyeka.

M'zaka zimenezo ndi mmene pamafuwa padayamba kuyaka zinthu zimene kale zinkatsala m'munda: mapesi, zisononkho, ziputu za mitengo zokumbidwa ndi khasu, ngakhale ndowe zouma za ng'ombe. Munda wolandidwa mapesi nawo udayamba kuguga. Koma ndi m'zaka zomwezo mmene luso la amayi lidafika pachimake. Agogo ndi msuweni wawo adagwirizana kuti mabanja awiri aziphika pamoto umodzi, wina akaphula wina n'kutereka, mafuwa asanazizire. Nandolo ankamuviika m'madzi usiku wonse, pophika n'kuthirako chidulo kuti afewe msanga. Mipata iwiri ya mafuwa adaimata ndi dothi n'kusiya umodzi. Madzi osamba ankafunda ndi makala otsala pophika nsima. Palibe adawaitanira kumsonkhano kukawaphunzitsa zimenezi. Mphika wobooka umene ine ndidawatengera, iwo adali atauumba kale ndi manja awo nkhondo ili mkati.

Pangano la mtendere lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, chaka cha chilala choopsa chija, ndipo mu 1993 ndi 1994 ambiri mwa abale athu adabwerera kwawo. Mpaka lero mukafunsa chimene chidamaliza mitengo m'malire muno, yankho lachangu ndi lakuti othawa nkhondo. Mbali ina n'zoona. Koma tiyeni tinene chilungamo, awerengi anzanga: alendo adapita zaka makumi atatu zapitazo, nanga bwanji mapiri sadavalenso? Amene adapitiriza ntchitoyo ndi ife. Ndale za zipani zambiri zitabwera mu 1994, ena adamva ngati ufulu ndi kulowa ndi nkhwangwa m'nkhalango ya boma ija. A ku Blantyre adaona ndi maso awo phiri la Ndirande likumetedwa mpala m'zaka zochepa. Moto umapita kumene kwatsala tchire: mitengo itachepa kuno, matumba a makala adayamba kuchokera tsidya lija, m'nkhalango zimene nkhondo idasunga.

Makalawo sapita kwa agogo. Amabwera kwa ine ndi inu. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti pa mabanja 100 alionse m'Malawi, 77 ankaphikira nkhuni, 18 makala, ndipo awiri okha magetsi. Makala ambiri amathera m'mizinda, ndipo uvuni wadothi umadya makilogalamu osachepera 5 a mtengo kuti utulutse kilogalamu imodzi ya makala. Lamulo la nkhalango la mu 1997 lidakhwimitsidwa mu 2020, zilango n'kukwera, koma wogwidwa pamsewu amakhala wa njinga, osati ife amene timamudikirira pageti. Ine ndemwe, ndi dipuloma yanga, ndakhala ndikukoleza mbaula ndi jumbo, kuphika nyemba zosaviika, mphika wosavundikira, makala otsala n'kuwasiya anyeke okha mpaka phulusa. Agogo akadandiona akadandilanda mthiko.

Musandimve molakwa, chitetezo mbaula si yachabe. Idayamba kufala kuchokera ku Mulanje chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 mothandizidwa ndi bungwe la ku Germany la GTZ, ndipo amaumba ndi amayi a m'midzi ndi dothi la komweko. Mu 2013 boma la Dr. Joyce Banda lidalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni zifike 2 miliyoni pofika 2020. Mbaulayi imasungadi nkhuni, imayaka ndi tinthambi ndi zisononkho, ndipo imatchinga moto. Ikadakhalapo mu 1990, bwenzi bondo langa lili losalala.

Koma mbaula payokha si mankhwala a zonse. Mu 2016 magazini ya zachipatala ya The Lancet idafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000. Mabanja ena adapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto, zotulutsa utsi wochepa kuposa chitetezo. Ana opsa ndi moto adachepako, koma chibayo sichidachepe. Mwa zifukwa zina, mwana amapuma utsi wochokera kwina kwambiri, ndipo mabanja ambiri sadasiyiretu moto wawo wakale. Nditawerenga zimenezi ndidakumbukira agogo akukankhira mbaula pakona. Wopanga mbaula amafunsa funso limodzi: kodi mphika uwira ndi nkhuni zingati? Mayi wa pa Mlangeni mwezi wa Juni ali ndi mafunso enanso: kodi ana agona ofunda, kodi tionana nkhope pocheza, kodi mawa ndidzuka ndi moto? Amene akufuna kusintha khitchini yake ayambe wamva mafunso amenewa.

Pali chinthu chimodzi chimene agogo adandichenjeza mwaukali, ndipo ndikuchipereka kwa inu a m'tauni amene mumalowetsa mbaula ya makala kuchipinda usiku wa chisanu n'kutseka mazenera. Nyumba yakale ya udzu inkapuma, utsi unkatulukira padenga. Nyumba ya malata ndi simenti sipuma. Makala amatulutsa mpweya wakupha wopanda fungo ndi mtundu, munthu amangomva tulo tokoma, osadzukanso. Wothani moto khomo kapena zenera lili lotsekula, ndipo pogona mbaula ituluke panja.

Tsiku lachitatu ine ndi agogo tidamvana, kapena ndinene kuti iwo adagamula ine n'kuvomera. Masana, ndi miyezi yonse yotentha, aziphikira chitetezo. Miyezi ya Juni ndi Julayi, dzuwa likalowa, mafuwa abwerere m'malo mwake kwa kanthawi, ndi nkhuni zitatu zouma, chitseko chili chotsekula pang'ono. Nkhuni zimene mbaula yasunga masana ndi zimene aziwotha madzulo. Adandilamulanso kuti mvula ikagwa ndibwere ndi mbande, zodzala kumalire a munda, ndipo pakati pa mitengo yokula msanga pasalephere kukhala msuku ndi muwanga.

"Muwanga umachedwa, agogo. Mudzauwotha liti?"

"Amene ndidawotha ine ndidadzala ndine?"

Usiku womaliza, ana atagona, adafumula nkhuni ziwiri, yachitatu n'kuikankhira pakati. Idali kachikuni kolimba kamene adakasunga pansi pa nkhokwe kuyambira chilimwe chatha. Adakakwirira ndi phulusa mosamala, n'kusiya kabowo kochepa ngati diso la nkhuku. Ine ndidaganiza kuti moto wafa. M'mawa, nkhungu ili thoo, ndidalawirira kukhitchini ndi bokosi langa la machesi kuti ndiwadabwitse ndi madzi a tiyi. Ndidawapeza atagwada kale, akupalasa phulusa ndi kamtengo. Adaikapo tiudzu touma, kuuzira kawiri, lawi n'kudzuka.

"Bwezani machesiwo m'thumba, amuna anga," adatero osandiyang'ana. "Mukafuna m'tauni."

Pakhomo padali pataima kale kamtsikana ka nyumba yoyandikana nayo, kakunjenjemera ndi chisanu, m'manja katagwira chidutswa cha lata.